Intaneti ya panyumba ikamaduka pa nthawi imodzimodzi: zimene muyenela kucita pa DHCP

Malangizo awa ndi a inu abale ocokela ku Zambia amene mukhala kuno ku Mzuzu, kaya muli pa sukulu ku Luwinga, pa malonda m'tauni, kapena muli ndi banja ku Katoto ndi ku Chibavi, ndipo intaneti ya panyumba ikungoduka-duka. Rauta yanuyo mukadzapita nayo ku Chipata kapena ku Lundazi, malangizowa adzagwilabe nchito cimodzimodzi.

Musathamangile kugula bandulo ina, ndipo rauta musaitaye. Tengani pepala ndi bolopeni, muzilemba nthawi imene intaneti yaduka, kwa masiku awili. Netiweki yofooka imaduka nthawi iliyonse imene yafuna, makamaka madzulo anthu akaculuka. Koma mukaona kuti yaduka 8:10, yadukanso 10:10, kenako 12:10, ndipo imabwela yokha pakapita kanthawi kapena mukazimitsa Wi-Fi n'kuyatsanso, kaikilani DHCP, dongosolo limene rauta imagawila zipangizo maadilesi. Vuto limeneli limatsata nkoloko.

Foni, laputopu ndi TV zifunika adilesi ya IP, monga 192.168.1.23, kuti zilankhulane ndi rauta. Rauta ndiyo imagawa maadilesiwa kudzela m'dongosolo la DHCP, limene malamulo ake ali mu cikalata cochedwa RFC 2131 ca mu 1997. Adilesi imangobwelekedwa kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo pa rauta imalembedwa kuti lease time. Zili ngati masiku amene amakudindilani pa boda: munthu wosamala amapita kukawonjezetsa asanathe. Foni nayo imacita comweco. Theka la nthawi likakwana, imapempha rauta kuti iwonjezele. Ikapanda kuyankhidwa imapitiliza kupempha, ndipo pa 87.5 pelesenti imayamba kuitana seva ya DHCP (cipangizo cogawa maadilesi) iliyonse imene ingamve. Ngati lease ndi ya mamineti 120, ndiye kuti pempho loyamba limapita pa mineti ya 60, kuitana kwa onse kumayamba pa mineti ya 105, ndipo pa 120 foni imasiya adilesiyo n'kuyambilanso kufuna ina. Apa m'pamene vidiyo imaima ndipo foni ya pa WhatsApp imaduka.

Apa mvetsetsani, cifukwa anthu ambili amasokela pomwepa. Lease yaifupi payokha siidula intaneti. Pa netiweki yabwino, kuwonjezela kumacitika mwakacetecete ndipo simudziwa n'komwe. Cimene cimadula ndi pempho losayankhidwa. Lease yaifupi imangocititsa kuti vutolo lizibwela pafupipafupi. Conde, mukatalikitsa nthawi musalekele pomwepo, fufuzaninso cimene cikutsekeleza yankho.

Pa kompyuta ya Windows, tsegulani Command Prompt ndipo lembani ipconfig /all. Yang'anani mizele iwili, Lease Obtained ndi Lease Expires. Kusiyana kwa nthawi ziwilizo kukuuzani kutalika kwa lease, ndipo mukuyelekeze ndi zimene munalemba pa pepala lija. Ngati pa nthawi yoduka adilesi ya cipangizo canu iyamba ndi 169.254, ndiye kuti palibe seva ya DHCP imene yayankha, ndipo cipangizoco cadzipatsa cokha adilesi yosafika nayo kulikonse. Pa foni adilesiyi mungaione mukadina dzina la Wi-Fi imene mwalumikizako.

Tsopano lowani mu rauta. Itembenuzeni: pansi pake pali kapepala komata kamene kali ndi adilesi yolowela, dzina ndi pasiwedi. Kawili-kawili imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo marauta ambili a Huawei olowetsa SIM amaseŵenzetsa 192.168.8.1. Lembani adilesiyo m'bulawuza, pitani pa LAN kapena Network, kenako pa DHCP Server. Marauta ambili a TP-Link amabwela ndi lease time ya mamineti 120. Pa nyumba ya banja limodzi, ikani tsiku lathunthu.

Samalani kwambili ndi kabokosi kolembamo nambala. Marauta ena amawelenga mamineti, ena masekondi. Tsiku limodzi ndi mamineti 1440, koma m'masekondi ndi 86400. Mukalemba 1440 m'kabokosi ka masekondi, mwaika lease ya mamineti 24 cabe, ndipo vuto mwalikulitsa ndi manja anu. Welengani mawu ali pambali pa kabokosiko musanadine Save. Mukatha, zimitsani Wi-Fi pa cipangizo ciliconse n'kuyatsanso. Pa Windows lembani ipconfig /release, kenako ipconfig /renew.

Pa loji kapena pa nyumba yogona ana a sukulu ambili, tsiku lathunthu lingakhale lalitali. Rauta ikapatsidwa maadilesi ocokela pa 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199, ili ndi 100 okha ogawa, ndipo mlendo amene wacoka m'mawa amasungilidwabe adilesi yake mpaka lease itathe. Kumeneko kulitsani malile a maadilesi, ndipo lease ikhale ya maola 4 mpaka 8.

Coyambitsa cimene cimabisala kwambili ndi marauta awili m'netiweki imodzi. M'mayadi ambili a lendi, eni nyumba amakoka kebulo kucokela pa rauta yawo kupita ku nyumba yakumbuyo, ndipo wa lendi amalumikizako rauta yake yakale. Kebuloyo ikalowa pa doko la LAN (bowo lolumikizila zipangizo za m'nyumba) koma DHCP ya rauta yaciwili ili yoyaka, onse awili amayamba kugawa maadilesi. Foni imalandila kwa amene wayankha msanga. Lelo yatenga adilesi yabwino, mawa yatenga ya rauta imene ilibe njila yotulukila kunja, ndipo Wi-Fi imaonetsa mizele yonse yodzaza koma tsamba silitseguka. Zimitsani DHCP Server pa rauta yaciwili, kapena muiike pa Access Point ngati ili ndi gawo limenelo, ndipo muipatse adilesi yake yosiyana ndi ya rauta yaikulu. Nkhaniyi ikambilaneni ndi eni nyumba, musangosintha mwakabisila.

Malaiti akapita n'kubwela, marauta ena amaiwala amene anam'patsa adilesi iti, pamene mafoni ndi malaputopu, pokhala ndi mabatile, amasungabe maadilesi akale. Zikatelo zipangizo ziwili zingalimbilane adilesi imodzi. Pulinta, TV ndi kamela zisungileni maadilesi okhazikika pa gawo la Address Reservation, pogwilitsa nchito nambala ya MAC ya ciliconse, imene imazindikilitsa cipangizo pa netiweki. Mafoni a Android 10 ndi iOS 14 kupita m'tsogolo amabisa MAC yeniyeni n'kuonetsa ina, conco pa Wi-Fi ya panyumba zimitsani zimenezo ngati mufuna kuisungila adilesi foniyo. Ikaninso nthawi ya rauta pa GMT+2, imene Malawi ndi Zambia amayendela, kuti zolemba za mu System Log, m'mene rauta imalemba zocitika, zigwilizane ndi pepala lanu.

Nanga ngati zipangizo zonse zili ndi maadilesi abwino, Wi-Fi siicoka, koma kanyali ka Internet pa rauta kamazima kapena kufiila? Pamenepo vuto lili ku mbali ya WAN, kumene rauta yanu nayonso imabweleka adilesi kwa kampani yokupatsani intaneti. Onani pa Status. Pakalembedwa Dynamic IP, lease ya kumeneko imaikidwa ndi kampaniyo ndipo inu simungaisinthe. Pakalembedwa PPPoE, kapena ngati rauta ndi ya SIM, kudukako kuli ndi cifukwa cina, osati lease imeneyi. Ngati munasinthapo za firewall, gawo la citetezo limene limatseka kapena kutsegula njila za pa netiweki, onetsetsani kuti madoko a UDP 67 ndi 68 sanatsekedwe, cifukwa m'mene DHCP imadutsa. Firmware (pulogalamu yoyendetsa rauta) yakale nayo ingalepheletse kuwonjezela. Ikani yatsopano yocokela pa webusaiti ya opanga rauta, koma rautayo ikhale pa batile kapena pa sola yodalilika, cifukwa malaiti akapita nchito ili mkati, rauta ingawonongeke.

Poimbila kampani, musangonena kuti intaneti ikuvuta. Auzeni nthawi zimene munalemba, mtundu wa rauta, MAC ya WAN, ndi mizele ya mu System Log imene ichula DHCP, ndipo muwapemphe aone ngati seva yawo ikuyankha mapempho owonjezela lease. Kabatani ka Reset musakadine musanajambule ndi foni masamba onse a WAN ndi LAN, cifukwa kamafufuta zonse, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi zimene kampani inakuikilani.