SUV Yakale Ikamanjenjemera Injini Ili Pansi

Mwati Lexus LX yanu yakale imanjenjemera mukaima, koma mukaponda mafuta kunjenjemerako kumatha. Musathamangire kugula zipangizo, yambani motere.

Lizani injini itenthe, giya ili pa P. Muvi wa rpm (wosonyeza liwiro la injini) ukhazikike pakati pa 600 ndi 800. Kenaka pondani buleki mwamphamvu n'kuika pa D. Chiwongolero chikayamba kugwedezeka kwambiri muvi uli phee, kaikirani ma mounting a injini (mphira zimene injini imakhalapo). Ena amakhala ndi madzi m'kati, ndiye unikani ndi tochi: mphira wong'ambika kapena wonyowa ndi zamafuta zakuda, watha ameneyo. Ine ndimapempha wina asinthe kuchoka pa D kupita pa R, ndikuyang'ana ndili pambali, osati kutsogolo, ngati injini ikudumpha.

Muvi ukamavina, lumikizani makina a OBD (owerenga manambala a mavuto m'kompyuta ya galimoto). Mwachitsanzo, nambala ya P0303 ikutanthauza kuti silinda 3 ikuphonya moto. Sinthanitsani koilo yake (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) ndi ya silinda ina. Nambalayo ikasamuka, vuto ndi koilo. Ikapanda kusamuka, tulutsani pulagi muione.

Makina akakhala chete, mvetserani kafuu ka paipi yobooka ya mpweya, ndipo tsukani throttle body (chitseko cholowetsa mpweya mu injini).