Kuphatikiza magulu ofanana pa Lemmy

Tiyerekeze kuti alimi a mbatatesi a ku Angónia ndi a ku Tsangano, ku Mozambique, atsegula magulu awiri okamba nkhani imodzi pa Lemmy, malo okambirana nkhani pa intaneti, koma pa maseva osiyana (seva ndi kompyuta yosunga gulu ndi zolembedwa zake), ndipo anthu agawanika. Lemmy ilibe batani lophatikizira magulu, choncho oyang'anira akambirane kaye n'kusankha gulu lotsala. Posankha, kudalirika kwa seva n'kofunika kuposa kuchuluka kwa mamembala. Kenako oyang'anira gulu losiyidwalo apatsidwe udindo womwewo m'gulu lotsalalo, kuti pasakhale wodandaula. M'gulu lakale ikani pamwamba uthenga wosonyeza adiresi yatsopano, yolembedwa motere: !dzina@seva, ndipo lolani oyang'anira okha kulembamo. Musalifufute, chifukwa zolembedwa zakale sizisamuka, ndiponso membala aliyense ayenera kulowa yekha m'gulu latsopanolo.