Momwe madala athu angagwiritsire ntchito thalakitala ndi makina okonolera chimanga osasiyapo chala

Malume anga aku Mitundu anayamba kuyendetsa thalakitala m'maesiteti a fodya nthawi ya Kamuzu, ndiye ukati uwachenjeze amangoseka, amvekere iwe umabadwa ine ndili kale pa chiwongolero. Chaka chatha nthawi yokolola lamba wa makina okonolera chimanga anawakoka mkono wa jekete, mwayi wake jeketeyo inali yakutha inangong'ambika. Ntchito amaidziwa kuposa tonsefe, koma thupi ndi lomwe lasintha, maso achepa mphamvu, makutu sakumva bwino, dzanja likuchedwa kuthawa, pomwe makina akuthamangabe ngati kale.

Ndiye yambani musanalize n'komwe injini. Dzifunseni kaye mwadzuka bwanji. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga ndipo mukumva chizungulire, tsiku limenelo mpatseni mnyamata ayendetse inu muzingolozera, si manyazi ayi. Ndipo osakwera pamakina ndi njala, makamaka a shuga, kaphala kapena mbatata zilowe kaye.

Kenako zovala. Jekete yolendewera, malaya osapisira, chitenje cha amayi, mpango wakumutu, zonsezi makina amakonda. Pisirani, mangani, valani nsapato zotseka osati masilipasi.

Chachitatu ndi chomwe ndikufuna mumvetsetse, shafiti ija imazungulira kumbuyo kwa thalakitala, amaitcha PTO. Pa mathalakitala ambiri kuphatikiza a Massey Ferguson omwe tawazolowera kunoko imazungulira ka 540 pa mphindi imodzi, ndiye kuti ka 9 pa sekondi, ikakola nsalu simungakuwe n'komwe kuti mayo isanakukulungeni. Osaidumpha, zungulirani thalakitala yonse ngakhale mawondo akuwawa. Ngati chotchingira chake chinachotsedwa, ndipo ambiri amachotsa akamakonza n'kuiwala kubwezera, pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni china. Chimodzimodzinso lamba wa chigayo ndi wa makina okonolera, asakhale pamtetete.

Makina akatsamwa ndi zitsononkho, apa ndi pomwe zala zambiri zimathera chifukwa munthu amati ndingochotsa kamodzi, ndakhala ndikuchita izi zaka zonsezi. Zimitsani injini, chotsani kiyi muike m'thumba mwanu kuti wina asalize inu dzanja lili mkati, dikirani mpaka chilichonse chiime chifukwa zitsulo zimazungulirabe injini itazima, ndiyeno tokosani ndi mtengo.

Potsika thalakitala tsitsani kaye pulawo igunde pansi, mangani buleki, mutsike chafutambuyo mutagwira ndi manja onse awiri. Zodumpha zija zisiyeni, chiuno cha munthu wa zaka 65 chikathyoka chimatenga nthawi kuti chilunzike. Adzukulu osawakweza pambali pa tayala olo alire bwanji. M'mphepete mwa dambo ndi pamalo otsetsereka yendani giya yotsika, thalakitala imagubuduzika msanga kuposa momwe imaonekera.

Za phokoso, kuchigayo tsekani makutu ndi zotsekera zimagulitsidwa m'mahadiweya m'tauni, makutu akagontha ndi phokoso sabwereranso. Injini ya dizilo kapena pampu ya petulo osailiza m'nyumba yotseka, utsi wake umapha mwakachetechete. Mwezi wa Okutobala gwirani m'mamawa, dzuwa likafika paliwombo mupume mumwe madzi.

Musagwire nokha kumunda kutali, pakhale wina wodziwa pozimitsira makinawo, foni ikhale m'thumba ili ndi mayunitsi. Ngozi ikachitika zimitsani kaye makina, psinjani bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu mkono mutaukweza m'mwamba, osathirapo dothi, mchere kapena oyilo wa injini. Chala chikaduka chikulungeni m'kansalu koyera konyowa, muike m'pulasitiki n'kumanga, mupite nacho limodzi ndi wovulalayo kuchipatala chapafupi, iwo ndi omwe aone ngati n'zofunika kutumiza ku Central.