Kwa anzanga oika nyimbo pamaukwati kuno ku Mangochi

Nthawi ya perekaniperekani musamangothamangira amapiano. Achinyamata amavina ndithu, koma m'thumba mulibe kanthu. Ndalama zili ndi azakhali ndi amalume.

Pa nyimbo zatchuka chaka chinozi, sankhani zija zomveka ngati zakale, za gitala wolira ngati wa magulu a ku Balaka m'ma 1990. Kwa ine zimenezo ndiye zabwino koposa, ngakhale ana amati n'zachikalekale. Loweruka lapitali ku Monkey Bay nditaika imodzi, agogo ena anavula nsapato, n'kumanga chitenje m'chiuno, ma K200 akungogwera m'lichero mpaka nyimbo kubwerezedwa katatu.

Muziikiretu pa fulashi, netiweki ya kunyanja siidalirika. Ndipo holo ikayandikana ndi mzikiti, tsitsani mawu nthawi ya swala.