Mmene mungakonzekerere kukaonana ndi dokotala akakupezani ndi khansa ya m'magazi

Khalani ndi izi musanayambe: kope, chitupa cha dziko (NRC), khadi la inshuwaransi ya zaumoyo (NHIMA), mapepala onse a zotsatira za magazi, ndi mankhwala amene mukumwa m'mapaketi ake.

1. Lembani m'kope zimene thupi likuchita ndi tsiku lomwe zinayamba: kutentha thupi, thukuta la usiku lonyowetsa zofunda, magazi m'nkhama, zotupa m'khosi kapena m'khwapa.

2. Lembaninso mafunso. Khansa yanga ndi iti, leukemia, lymphoma kapena myeloma? Mankhwala atenga miyezi ingati? Mukalowa m'chipinda cha dokotala mutu umaima, kope ndilo lidzakukumbutsani.

3. Pitani ndi wachibale woti azilemba mayankho.

4. Akakutumizani kuchoka ku Chipata Central Hospital kupita ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, musaiwale kalata yotumizira. Nyamukani dzulo lake, ulendowu ndi wa makilomita oposa 500.

5. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amabisa mankhwala azitsamba poopa kukalipiridwa. Chonde nenani zonse, ngakhale mizu imene agogo anakuviikirani. Ina imasokoneza mankhwala a khansa.

6. Mukayamba chemotherapy (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa), thupi likatentha kufika madigiri 38 musadikire tsiku limene anakupatsani. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.