Z4 kapena SLK yakale? Yambani ndi denga, achimwene

Ngati mwafika posankha pakati pa BMW Z4 ndi Mercedes-Benz SLK, ndiye kuti funso lakuti "galimoto yotsegula denga ya chiyani m'misewu ya kuno" mwalimva kale kwa mayi a kunyumba, kwa alamu anu ndi kwa anzanu a kuntchito, ndipo simunabwerere m'mbuyo. Ine sindiwonjezerapo. Ntchito yanga ndi yolowa pansi pa galimoto za ku Germany kuno ku Blantyre, choncho ndingokuuzani zomwe ndimayang'ana munthu akanditenga kuti ndikamuonere imodzi mwa ziwirizi asanatulutse ndalama.

Tigwirizane kaye kuti tikunena ziti. Z4 yomwe ndikunena ndi ija amaitcha E89, yopangidwa ku Regensburg kuyambira 2009 mpaka 2016. SLK ndi R172 ya ku Bremen, yomwe inatuluka mu 2011 ndipo mu 2016 anaisintha dzina n'kukhala SLC. Zonse ndi za mipando iwiri, zimakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo denga lake ndi lolimba, osati la nsalu. Mukadina batani limadzipinda lokha n'kulowa m'buti pamasekondi pafupifupi 20. Mphamvu nazo n'zofanana modabwitsa: Z4 20i ndi SLK 200 zonse zimatulutsa 184 hp, pomwe Z4 35i ndi SLK 350 zonse ndi 306 hp. Ndiye mkangano woti yothamanga ndi iti usiyireni anyamata a ku car wash.

Chomwe chimasiyanitsa galimoto yabwino ndi yokulizani ndi denga. Chifukwa chake n'chosavuta. Injini za galimotozi zilinso m'galimoto zina zomwe zadzaza m'tauni muno: ya SLK 200 ndi yomwe ili mu C-Class ndi E-Class za zaka zomwezo, ndipo za Z4 zilinso mu 3 Series. Fyuluta, mapulagi, sensa ya injini, mukazungulira ku Limbe kapena ku Ndirande mupeza, ndipo amakaniko ozidziwa alipo. Koma pampu ya denga, timasilinda take, marabala ake, galasi lakumbuyo, zimenezo n'zoitanitsa ku Johannesburg kapena ku UK, ndi ndalama zakunja zomwe mukudziwa kale mavuto ake. Galimoto imatha mwezi wathunthu ili pagalaja, denga lili m'malere, mvula ikugwa.

Ndiye poyesa chitani chonchi. Imikani galimoto pamalo osapendekeka, injini ikulira. Tsegulani denga mpaka lilowe lonse m'buti, tsekaninso, ndipo bwerezani kangapo motsatizana, chifukwa pampu yotopa imagwira bwino ulendo woyamba n'kuyamba kulefuka ikatentha. Zimitsani wailesi, mvetserani. Lisamanjenjemere, lisamaime panjira, mbali imodzi isamatsogole inzake, ndipo magalasi a m'zitseko azitsika ndi kukwera okha pa nthawi yake. Denga likakana kusuntha n'komwe, musathamangire kuweruza: m'buti mwa zonse ziwiri muli chotchinga katundu chomwe chimayenera kukhala m'malo mwake, apo ayi galimoto imakana dala. Chikokeni, yesaninso.

Pa Z4 vuto lodziwika ndi mawaya ndi timapaipi ta oyilo tomwe timadutsa mopindikira denga. Nthawi iliyonse mukatsegula timapindika, ndipo zaka zikapita waya amaduka mkati, kunja akuoneka wabwinobwino. Timaswitchi touza kompyuta pomwe denga lafika natonso timafa. Pa SLK ndimayang'ana kwambiri oyilo wodontha m'timasilinda ndi marabala ouma omwe amalira kwetchekwetche mukamadutsa pa mabampu. Wogulitsa akakuuzani kuti "ndi kafyuzi chabe, bwana", mufunseni chomwe sanakasinthire. Akanena kuti batire ndi lofooka, akhoza kukhala akunena zoona, batire lotha limasokonezadi denga, koma muuzeni aike lina mubwerenso mawa.

Mukatha apo, tsekani denga, khalani mkati, wina athire madzi ndi paipi kwa mphindi zingapo. Yang'anani m'makona a pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi pomwe zigawo za denga zimakumana. Kenako tulukani, tsegulani buti, tukulani kapeti yonse, pisani dzanja pansi penipeni. Z4 ina yoyera yomwe ndinapita kukaonera munthu inali yowala ngati yatsopano, mkati mukununkhira perefyumu. Pansi pa kapeti chikhatho changa chinatuluka chonyowa, mabawuti ali ndi dzimbiri lofiira, ndipo mkati mwa nyale yakumbuyo munali timadontho ta nthunzi. Pampu ya denga imakhala komweko m'buti, ndipo madzi akaimamo imawola mwakachetechete. Perefyumu wochuluka m'galimoto yogulitsa amabisa fungo la chinyontho. Tinaisiya.

Denga likapambana mayeso, pitani ku injini, ndipo muifune ili yozizira. Panganani zokumana m'mawa, muuzeni mwini wake asailize, ndipo mukafika gwirani injini ndi dzanja kuti mutsimikize. SLK 200 ndi 250 za 2011 mpaka cha mu 2015 zili ndi injini ya M271, 1.8 ya turbo, yomwe nthenda yake ndi tcheni cha mkati kutamuka ndi mano a magiya a camshaft kudyeka. Poliza, ikachita phokoso ngati timiyala m'chitini kwa masekondi angapo kenako n'kukhala chete, ndi tchenicho. Chimakonzeka, koma chotsani mtengo wake pa zomwe mukulipira, ndipo musachedwe nacho chifukwa chikalumpha mano injini yapita. Z4 20i ndi 28i zili ndi N20, 2.0 ya turbo, ndipo zopangidwa chisanafike chaka cha 2015 zimadziwika ndi timapulasitiki togwira tcheni tomwe timasweka. Imeneyo imalira kaphokoso kosongoka, kokwera limodzi ndi moto mukamaponda.

Injini yomwe ndimaikonda pa zonsezi ndi N52, ya masilinda 6 yopanda turbo, yomwe ili mu Z4 23i ya 2.5 ndi 30i ya 3.0, za zaka zoyambirira. Imalira mokoma ndipo ilibe zambiri zoti zife. Zofooka zake n'zodziwika: pampu ya madzi ndi yamagetsi ndipo imafa osatsanzika, choncho ngati palibe umboni woti inasinthidwa, sinthani nokha isanakusiyeni pa Zalewa. Oyilo amakondanso kudontha pomwe pamakhala fyuluta ndi pa chivundikiro cha pamwamba. Musavutike kufunafuna kachitsulo koyezera oyilo, mulibe, amaonera pa dashibodi. Z4 35i ndi chilombo, koma ili ndi ma turbo awiri, pampu ya petulo yovuta ndi ma injector okwera mtengo. SLK 350 ya V6 ndi injini yabwino, kungoti ndi 3.5, ndipo a MRA amawerengera msonkho poona kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Mfundo yomweyo ikukhudzanso 23i yanga yokondedwayo, popeza ndi ya zaka zoyambirira, ndiye funsani wokuombolerani galimoto akuwerengereni zonse musanatumize ndalama. SLK 250 CDI ya dizilo, yomwe imapezeka kwambiri ku UK, imamwa pang'ono, koma sefa yake ya utsi imatsekeka ngati maulendo anu ndi a Namiwawa kupita m'tauni basi. Za SLK 55 AMG ya V8, amene angaikwanitse sakuwerenga zanga zino.

Kaya mwasankha iti, ilumikizeni ku kompyuta yoyezera yomwe imawerenga mbali zonse, denga lomwe, osati kaja kongoona injini.

Tsopano matayala, pomwe anthu ambiri amagwa chifukwa cha maso. Marimu a 19 amakongola pachithunzi, koma tayala lake ndi lopyapyala, ndipo a Z4 amadziwika ndi kung'aluka chamkati ngakhale m'misewu ya ku Ulaya, nanji pa maenje athu a mu February. Funani ya marimu a 17. Z4 inabwera ndi matayala a run-flat, aja otha kuyendabe ataphwa, olimba m'mbali, ogunda msana ndiponso odula. Ambiri amawachotsa n'kuika wamba, galimoto n'kufewa, koma kumbukirani kuti mulibe sipeya, choncho kapampu ndi zomatira zizikhala m'buti. SLK nazo zambiri zimangobwera ndi kabotolo ka mankhwala omatira. Zolembedwa M Sport kapena AMG Sport zimakhala zotsika ndi zolimba kuposa zinzake, zisiyeni. Ndipo poyesa kuyendetsa, pitani nayo kwanu, mulowe nayo pageti panu. Z4 ili ndi mphuno yaitali ndipo woyendetsa amakhala cha kumbuyo kwenikweni, kotero bampu imakhudza bampala inu mukuona ngati idakali patali.

Buti: Z4 ndi malita 310 denga lili pamwamba, 180 likalowa. SLK ndi 335 ndi 225. Kusiyanako kumaoneka kochepa mpaka tsiku lopita ku Mangochi anthu awiri, pomwe chikwama chimodzi chimayenera kutsala.

Pamsewu, Z4 ndi ya munthu wokonda chiwongolero, woti akaona makhotakhota okwera phiri la Zomba mtima umadumpha. SLK ndi yofatsa, giya yake ya 7G-Tronic imasintha mosagunda, ndipo pamzere wa pa Chipembere Highway madzulo siitopetsa. Zina zili ndi Airscarf, timabowo ta pampando touzira mpweya wofunda m'khosi. Ndinkaona ngati zachibwana mpaka nditadutsa ku Dedza m'mawa wa mu June denga lili chotsegula. Ngati ndinu wamtali, khalanimo denga litatsekedwa, muone ngati mutu ndi mawondo zikupeza malo.

Woitanitsa kunja sangathire madzi kapena kupisa dzanja m'buti, ndiye apemphe vidiyo yosadula: iyambe ndi nambala ya chassis, ionetse injini ikulizidwa yozizira, kenako denga likutseguka ndi kutsekeka kawiri. Ya ku Japan, funani pepala la ku okushoni, ndipo makilomita ochepa asakukopeni kwambiri, galimoto yongokhala marabala amauma. Ya ku UK, lowetsani nambala yake pa intaneti muone mbiri ya MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ndi yoyenera pamsewu, n'zaulere, ndipo pemphani zithunzi za pansi chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Kumbukiraninso kuti wotchi yake imawerenga mamailosi. Ikafika pa Dar es Salaam, ndi bwino ibwere pa thiraki kusiyana n'kuipereka kwa dalaivala wothamangira kukafika pa Songwe.

Mukandifunsa ine, zonse ziwiri zitakhala bwino mofanana, ndingatenge Z4 23i ya marimu a 17 ngati pakhomo pali galimoto ina ya masiku onse, ndipo SLK 200 ngati ndi yomwe izindiperekeza kuntchito. Koma sizikhala bwino mofanana, ndipo ya denga louma ndi malisiti a sevisi ndi yomwe ndimauza munthu kuti alipire, ngakhale mtima wake unali pa inayo. Musathere ndalama zonse pogula. Sabata yoyamba sinthani oyilo wa injini ndi wa giyabokisi, pakani marabala a denga mafuta ake enieni, osati girisi, ndipo tsukani timabowo totulutsa madzi m'mbali mwa buti. Denga muzilitsegula sabata iliyonse ngakhale nyengo ya mvula, mkati mwa galaja momwemo, ndipo musamaimike pansi pa mtengo wa mango kapena jakaranda, masamba ake ndi omwe amatseka timabowoto.