Kupita ku Cambridge pa sitima n'kubwerera ku London tsiku lomwelo

Izi ndalembera inu anzanga a kuno ku Lilongwe amene mwayi wakugwerani wopita ku England, kaya ndi kosi ya kuntchito kaya akuitanani achemwali anu, ndiye mwatsala ndi tsiku limodzi lopanda pulogalamu ku London. Ambirife tsiku limenelo timalithera m'mashopu kusakira azilamu mapafyumu. Ine ndikuti kwerani sitima mukaone Cambridge, mubwerako tsiku lomwelo bwinobwino. Kungoti ifeyo sitima timangoiona ku Kanengo ikukoka katundu, ndiye pali tinthu tingapo tofunika kudziwiratu kuti musakaimeime pa siteshoni ngati mwasochera.

Masiteshoni odziwika onyamukira ndi awiri. King's Cross ndi kumene kuli sitima zachangu, zina sizimaima paliponse ndipo zimatenga mphindi 50 basi. Liverpool Street zimachedwerako, ola ndi kanthu, koma nthawi zambiri tikiti yake imatchipako. Ngati ndalama ikuvuta pitani ku Liverpool Street, ngati nthawi ndi imene ikuvuta pitani ku King's Cross, koma tikiti ya uku musakakwerere uko musanafunse chifukwa makampani ake ndi osiyana ndipo matikiti ena otchipa amakhala a kampani imodzi yokha. Oyster khadi ija mukuyendera mu London ku Cambridge sigwira ntchito, pamafunika tikiti yakeyake. Gulani yopita ndi kubwerera ya off-peak, imene imayamba kugwira anthu a kuntchito akatha kupanikizana, cha m'ma 9:30 kupita kutsogolo mkati mwa sabata. Mukakhala atatu kapena kuposa funsani GroupSave, amadula gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, ndiye musachite manyazi kufunsa pa windo. Lamulungu ndi lokayikitsa pang'ono chifukwa ndi tsiku limene amakonda kukonza njanji, mutha kupezeka mwalipira sitima koma theka la ulendo mwayenda pa basi, ndiye onani kaye pa intaneti usiku wake.

Ku King's Cross musayembekeze kondakitala woitanira. Aliyense amangoima khosi m'mwamba kuyang'ana bolodi lalikulu, nambala ya pulatifomu imatuluka kutatsala mphindi zochepa, ikangotuluka gulu lonse limanyamuka kamodzi ndipo inu mungotsatira. Sitima ya 10:12 imanyamukadi 10:12, zitseko amatseka nthawi isanakwane n'komwe, palibe zoti adikire mnzanu wapita kukagula madzi. Tikiti musataye mukalowa, geti la potulukira liifunanso. China, masiteshoni a dzina la Cambridge alipo angapo, inu tsikani pamene pangolembedwa Cambridge basi, Cambridge North ndi kwina kutali ndi zimene mwabwerera.

Tsopano chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi ichi. Ife tikamva yunivesite timaganiza za Bunda kapena Chanco, malo amodzi, msewu wolowera umodzi, ukafika wafika. Cambridge si choncho. Makoleji alipo 31 ndipo amwazikana mu tauni monse, pakati pa mashopu, mabala ndi nyumba za anthu, aliyonse ili ndi geti lake, alonda ake, malamulo ake. Mukafunsa munthu kuti yunivesite ili kuti akuyang'anani modabwa chifukwa mwaima kale momwemo. Ndiye osayesa kuona zonse, sankhani msewu umodzi muutsate, ndipo mwamwayi zambiri zabwino zandandalika mzere umodzi.

Siteshoni ili kunja pang'ono, kuyenda wapansi ndi mphindi 20 kapena 25, mabasi alipo panja pomwepo koma ngati miyendo ili bwino yendani. Tengani Station Road, mulowe Hills Road, mukaona tchalitchi chachikulu cha Katolika chansanja yosongoka mukhotere kumanzere mu Lensfield Road, kenako kumanja mu Trumpington Street. Apa samalani njinga. Njinga za kumeneko siziimba belu kawirikawiri, zimangotulukira, ana asukulu ndi maprofesa omwe, wina atanyamula mabuku mu basiketi wina mwana kumbuyo, ndiye osaima pakati pa msewu kujambula selefi.

Choyamba kumanzere ndi Fitzwilliam Museum, kulowa ndi ulere koma Lolemba amatseka. Muli zinthu za ku Egypt, zojambula, mbale zakalekale, mutha kutheramo tsiku lonse, ine ndingati ola limodzi lakwana, komanso muli matoileti aulere zomwe ku England si nkhani yaing'ono. Pafupi pomwepo pali Peterhouse, koleji yakale kuposa zonse, ya 1284. Yunivesite yeniyeniyo inayamba 1209 pamene ophunzira ena anathawa mikangano ku Oxford, n'chifukwa chake mpaka lero awiriwa amangokhalira kupikisana. Mukapitirira mufika pa kona pamene pamakhala chigulu cha anthu mafoni m'mwamba, ndi Corpus Clock, wotchi yagolide yopanda mivi, pamwamba pake pali chidzombe chachitsulo choopsa nkhope chikuyenda ngati chikudya nthawi. Anaitsegulira ndi wasayansi wotchuka Stephen Hawking mu 2008. Mphindi zisanu zakwana apa. Mu kamsewu ka pambali pake, Bene't Street, muli bala ya The Eagle kumene asayansi Francis Crick ndi James Watson ankakonda kudyera nthawi imene anatulukira kapangidwe ka DNA, kanthu kosunga chibadwa cha zamoyo, mu 1953.

Kenako msewu umatambasuka n'kukhala King's Parade, ndipo King's College ili kumanzere, simungaiphonye. Anaiyambitsa ndi mfumu Henry VI mu 1441. Ngati pali malo amodzi oti mulipire polowa ndi amenewa, chifukwa cha tchalitchi chake. Denga lake ndi lamiyala yokhayokha koma yosemedwa mopyapyala ngati nsalu yoluka, mawindo ataliatali amagalasi amitundu, munthu umangopezeka wakhala pa benchi khosi likuwawa. Tikiti guliranitu pa intaneti. Koma ngati mapaundi atha pali njira ina, nthawi imene sukulu ili mkati kumakhala mapemphero a madzulo otchedwa Evensong, masiku ambiri 5:30, kulowa ulere ndipo kwaya yotchuka ya kolejiyi imaimba. Kafoleni msanga, foni muthimitse, ndipo kumbukirani kuti mwalowa mu mapemphero osati kokaona malo.

Malo amene ine ndimafuna Mmalawi aliyense aimepo ndi oyandikana ndi King's, nyumba yoyera yamizati yotchedwa Senate House, kumene amachitira magiraduweshoni. Alendo ambiri amangoidutsa chifukwa nthawi zambiri sulowa, umangoionera pa mpanda wachitsulo. Koma m'nyumba imeneyi pa 4 December 1857 David Livingstone analankhula kwa ophunzira ndi aphunzitsi kuwapempha kuti apite ku Africa, ndipo pa mawu amenewo ndi pamene panabadwira mishoni ya Anglican ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa). Amene anaitsogolera, Bishopu Charles Mackenzie, anali wa Gonville and Caius College, geti lake ndi lomwe lili pafupi pomwepo, mungotembenuka. Anafika ku Magomero mu 1861, chaka chisanathe n'kumwalira ndi malungo mu January 1862 cha ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Mpingo wa Anglican kwathu kuno, mpaka tchalitchi chachikulu cha pa Likoma chija, mizu yake ikudutsa pa kabwalo kameneka. Kaya mumawaona bwanji amishoni aja, pali zoyamika pali zodandaula, komabe apa ndi pamene mbiri ya kwanu yakumana ndi ya eni tauni, ndiye jambulitsani apa osati pa geti la shopu.

Moyang'anana ndi Senate House pali tchalitchi cha Great St Mary's, mukalipira pang'ono mumakwera nsanja, masitepe 123 opanikiza ozungulira, pamwamba mumaona makoleji ambiri. Amene mawondo amavuta asiyeni pansi. Kuseri kwake kuli msika, Market Square, ndipo nkhomaliro idyereni pamenepo, pamakhala mabenchi ogulitsa zakudya zotentha za mayiko osiyanasiyana, mpunga umapezeka, mtengo wake ndi wabwinoko kusiyana ndi malesitilanti a pa King's Parade. Khadi ya banki kapena foni ndi imene imayenda kwambiri, malo ena kashi amakana.

Mukakhuta pitirirani mu Trinity Street mpaka pa geti la Trinity College, ya 1546, kumene anaphunzira Isaac Newton. Kumanja kwa geti pa kapinga pali kamtengo ka maapulo, anachita kumezanitsa kuchokera ku mtengo wa kumudzi kwawo kwa Newton, umene amati apulo lake litagwa linamuganizitsa za mphamvu yokokera zinthu pansi. Ndi kakang'ono, musakhumudwe. Nkhani ya kapinga ndi yofunika, m'makoleji ambiri mlendo saloledwa kuponda, ndipo alonda a pageti, ena amavala tizipewa takuda tozungulira, amaona chilichonse ndipo akuuzani mwaulemu koma mokweza. Chikwangwani chikati private musalowe, ana a eni ake amagona ndi kuwerenga momwemo. Kuyambira kumapeto kwa April mpaka pakati pa June ndi nyengo ya mayeso, makoleji ambiri salola alendo, ndiye ulendo wanu ukagwera pamenepo dalirani mtsinje.

Mtsinje wake ndi Cam, waung'ono ndithu, koma ndi umene umadutsa kuseri kwa makoleji kumene amati The Backs. Mabwato ake ndi afulati, amakankha ndi mtengo wautali munthu ataima kumbuyo. Mutha kubwereka n'kumakankha nokha, koma ine sindikulangizani, mtengo umakanirira m'matope bwato n'kupitirira, ndipo anthu amagweradi m'madzi ena ali pa mlatho kuwombera m'manja. Kwerani lokhala ndi wokankha wake, mphindi 45, amafotokoza zonse mukudutsa pansi pa Mathematical Bridge ya Queens' ndi Bridge of Sighs ya St John's, ngakhale nkhani zina amathirako mchere. Anyamata okuimitsani mu msewu ndi timabolodi asiyeni, pitani nokha pa doko ku Mill Lane kapena ku Quayside mukafunse mtengo pomwepo.

Zovala, jekete ndi ambulera ngakhale kutacha ndi dzuwa, ndi nsapato zoyendera osati zija za ku ukwati chifukwa misewu ina ndi yamiyala. Mukapita mu December dziwani kuti 4 koloko kwada kale, ndiye mtsinje ndi zithunzi yambani nazo, miyuziyamu ikhale yomalizira. Mu June kumawala mpaka cha m'ma 9 usiku, mutha kuchita mwachifatse. Pobwerera werengerani mphindi 30 zoyenda kukafika ku siteshoni chifukwa miyendo ikhala itatopa, ndipo pa bolodi onetsetsani kuti sitimayo ikupita ku King's Cross kapena ku Liverpool Street malinga ndi tikiti yanu, zimanyamukira pa siteshoni imodzi ndipo pulatifomu zake zimayandikana.